Miyala yolembedwa ya m'mbali mwa misewu ya ku Kyushu: imanena chiyani, nanga tiziiwerenga bwanji?

Pa 24 Julayi 2022, nthambi yoona zanyengo ku Japan inakweza chenjezo la phiri la Sakurajima kufika pa mlingo wa 5, womwe ndi womaliza, wouza anthu kuti asamuke. Phirilo linali litalavula miyala ikuluikulu yomwe inakagwa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2.5, ndipo mabanja a m'midzi ya Arimura ndi Furusato anachoka m'nyumba zawo kwa masiku angapo. Nkhani za phirili zikamamveka chonchi, kawirikawiri pa intaneti pamatulukanso zithunzi za zinthu ziwiri zakale za pachilumba chimene pali phirili, chomwenso chimatchedwa Sakurajima, ku Kyushu: chipata chamwala chokwiririka mpaka m'khosi, ndi chipilala chimene ena amati chimauza anthu kuti asamakhulupirire sayansi.

Munthu woona zithunzizi koyamba amasokonezeka. Ena amayesa ndi ziliza za kumanda, ena amati n'zongokopera alendo odzaona malo. Zoona zake n'zakuti miyala imeneyi inaikidwa ndi anthu amene anapulumuka pangozi, ndipo ankalembera adzukulu awo. Kuti uthenga wake umveke, pamafunika kudziwa amene anauika mwalawo, chaka chimene anauika, komanso chifukwa chake anauika pamalo amenewo osati pena.

Dera la moto ndi madzi

Kyushu ndi chilumba cha kum'mwera pa zilumba zinayi zikuluzikulu za Japan. Pansi pa nyanja ya kum'mawa kwake, chigamba chimodzi cha nthaka ya dziko lapansi chikulowa pang'onopang'ono kunsi kwa chinzake. Kunsi kumeneko miyala imasungunuka n'kukhala chiphalaphala, ndipo chiphalaphalacho chikapeza mpata chimakwera. N'chifukwa chake pachilumbachi pali mapiri ophulika monga Aso, Unzen, Kirishima ndi Sakurajima.

M'madera ambiri phiri limatsetsereka mpaka kunyanja, moti malo omangapo nyumba ndi kachigawo kochepa ka pakati pa phiri ndi madzi. Midzi ili pomwepo, minda ili pomwepo, msewunso umadutsa pomwepo. Ngozi ikachokera kuphiri kapena kunyanja imafikira pamalo omwewo, ndiye n'zosadabwitsa kuti miyala yambiri yachikumbutso imapezeka m'mbali mwa msewu, pabwalo la sukulu kapena pakhomo la kachisi, pamene anthu amadutsa tsiku ndi tsiku.

Sakurajima yayang'anizana ndi mzinda wa Kagoshima, wokhala anthu pafupifupi 600,000, ndipo sitima ya pamadzi imatenga mphindi 15 zokha kuoloka. Kuchokera mu 1955 phirili lakhala likuphulika pafupipafupi. Ana a ku Sakurajima amapita kusukulu atavala zipewa zolimba, m'mbali mwa msewu muli tinyumba ta konkire tothawiramo miyala ikamagwa, ndipo mumzinda anthu amasesa phulusa n'kuliika m'matumba achikasu amene khonsolo imagawa.

Si yonse ili ndi ntchito imodzi

Miyala ina ndi ya maliro. Inaikidwa kuti anthu azipempherera akufa, makamaka amene mitembo yawo inakokoloka kapena inaikidwa m'manda amodzi osadziwika mayina. Chitsanzo chachikulu ndi cha ku Shimabara, kumadzulo kwa Kyushu. Pa 21 Meyi 1792, patatha miyezi ya zivomerezi ndi kuphulika kwa Unzen, mbali ya phiri la Mayuyama inagumuka n'kugwera m'nyanja ya Ariake. Dothi ndi miyalazo zinakankha madzi n'kuyambitsa tsunami, kutanthauza mafunde aakulu obwera chifukwa chakuti madzi a m'nyanja akankhidwa mwadzidzidzi, osati chifukwa cha mphepo. Mafundewo anaoloka mpaka tsidya lina, ku Higo, komwe lero ndi Kumamoto. Anthu pafupifupi 15,000 anafa, ndipo m'mbiri ya Japan palibe ngozi ya phiri lophulika imene inapha anthu ochuluka chonchi. Olamulira a mbali zonse ziwiri za nyanjayi anaimika zipilala zopempherera akufa, ndipo zambiri zilipobe.

Ina ndi miyala ya malire. Imeneyi siilankhula zambiri. Imangoima pamene madzi anafika. Amene anaonapo madzi osefukira ku Nsanje kapena ku Chikwawa amadziwa mzere wa matope umene umatsala pakhoma madzi akaphwera. Mzerewo umafufutika mvula ikagwa kapena nyumba ikazirwa, ndiye anthu a kugombe la Kumamoto anaika mwala pamene panathera mafunde a 1792 kuti mzere wawo usafufutike. Kwa akatswiri a masiku ano mwala woterewu ndi muyeso weniweni: akayeza kutalika kwa malowo kuchokera pamwamba pa nyanja, amadziwa msinkhu umene mafunde anakwera.

Palinso miyala ya malangizo. Ku Kawachi, kugombe lomwelo la Kumamoto, kuli mwala wofotokoza kuti amene anachedwa ndi kumangirira maboti kapena kutulutsa katundu m'nyumba anafa, pomwe amene anangothawa osatenga kanthu anapulumuka. Kenako umalangiza obadwa m'tsogolo kuti zoterezi zikadzachitikanso, adzathandize okalamba, adzatenge ana, n'kuthawa nthawi yomweyo, komanso kuti azidziwiratu njira yothawira. Ameneyu ndi malangizo omwewo amene akuluakulu oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi amapereka lero, koma analembedwa zaka zoposa 200 zapitazo.

Zimene zinachitika ku Sakurajima mu 1914

Kuphulika kwa pa 12 Januwale 1914 ndiko kunali kwakukulu kuposa kwina kulikonse ku Japan m'zaka za m'ma 1900. Nthawiyo pachilumbachi pankakhala anthu oposa 20,000. Masiku awiri m'mbuyo mwake nthaka inayamba kugwedezeka mosalekeza, miyala inkagubuduka kuphiri, ndipo m'mphepete mwa nyanja munkatumphuka madzi otentha. Anthu ambiri, amene anakula akumva kwa agogo awo za kuphulika kwa 1779, sanadikire kuuzidwa. Anakwera maboti awo n'kuoloka.

Phirilo linang'ambika cham'ma 10 koloko m'mawa, mbali ya kumadzulo ndi ya kum'mawa. Madzulo a tsiku lomwelo kunachita chivomerezi champhamvu ya 7.1 chimene chinagwetsa nyumba ndi mipanda yamiyala mumzinda wa Kagoshima. Onse akufa ndi osowa anali 58, ndipo pafupifupi theka la iwowa anafa ndi chivomerezicho. M'masabata otsatira chiphalaphala chinadzaza mpata wa nyanja wa mamita pafupifupi 400 umene unkalekanitsa Sakurajima ndi mtunda wa Osumi. Kuchokera apo munthu amatha kufika ku Sakurajima pa galimoto kudzera kum'mawa.

Chipata chokwiririka chija chili ku Kurokami, pambali pa sukulu ya sekondale. Ndi torii, chipata cha nsanamira ziwiri ndi mtanda pamwamba chimene chimaima polowera ku kachisi wa chipembedzo cha Shinto. Chinali chotalika mamita 3, koma phulusa ndi miyala yopepuka zinachikwirira mamita pafupifupi 2. Lero munthu ukaima pafupi nacho, mtanda umene anthu ankadutsa kunsi kwake umakufika cha m'chiuno. Anthu atabwerera kumudzi anayamba kuchifukula, koma mkulu woyendetsa mudziwo, Nozoe Yaozo, anawaletsa kuti obadwa m'tsogolo adzaone okha kuchuluka kwa phulusa limene linagwa. Kwa ine, chisankho cha bamboyu chinali chanzeru kwambiri, chifukwa chipatachi sichifuna kuti munthu adziwe kuwerenga. Ngakhale mwana wa zaka zisanu amamva uthenga wake.

Kumadzulo kwa chilumbachi kuli chikumbutso china chodabwitsa. Pakamtunda ka miyala yakuda, pamene lero pamera mitengo ya paini, pali mwala wolembedwa kuti Karasujima ili pansi pano. Karasujima kanali kachilumba kapakepake, mamita pafupifupi 500 kuchokera kugombe, ndipo panali kachisi. Chiphalaphala cha 1914 chinalowa m'nyanja n'kukameza konse. Pakanapanda mwalawo, palibe mlendo akanadziwa kuti pamene waimapo panali madzi.

Chipilala chimene chimautsa mkangano

Pabwalo la sukulu ya pulayimale ya Higashi-Sakurajima anaimikapo chipilala mu 1924, patatha zaka 10 phiri litaphulika. Nkhani imene yalembedwapo ndi yowawa. Imati mkulu wa mudzi ataona zizindikiro zija anafunsa kangapo ku ofesi yoona zanyengo ya ku Kagoshima, ndipo anamuyankha kuti Sakurajima siphulika. Iye anakauza anthu amene anali asanachoke kuti palibe chifukwa chothawira. Posapita nthawi phiri linaphulika. Chipilalacho chimanena mosabisa kuti anthu ophunzira, amene anadalira ofesiyo, ndiwo anagwa m'tsoka. Mkuluyo ndi anzake anasowa kothawira n'kudziponya m'nyanja, m'nyengo yozizira kwambiri, ndipo msungichuma ndi mlembi wa mudziwo anafera m'madzi.

Mkuluyo, Kawakami Fukujiro, anapulumuka, ndipo ankafunitsitsa kuti nkhaniyi ilembedwe pamwala, koma anamwalira chipilalacho chisanaimikidwe. Mawu omaliza a pachipilalacho ndi amene amatchuka. Amati kuphulika kudzachitikanso ndithu, choncho anthu asadalire mfundo za m'mabuku, koma akaona zachilendo akonzekere kuthawa nthawi isanathe. Amawonjezeranso kuti anthu azisunga kangachepe masiku abwino kuti tsoka likadzagwa asadzasowe pogwira. Ku Japan ambiri amachitcha chipilala cha kusakhulupirira sayansi.

Anthu amachimva mosiyana. Ena amati phunziro lake ndi loti munthu wokhala pamalo amaona zimene wa mu ofesi sangaone, ndipo sayenera kudikira chilolezo kuti apulumutse moyo wake. Amakumbutsa kuti pa anthu oposa 20,000, ambiri anapulumuka chifukwa anatsatira maso awo ndi nkhani za makolo. Ena amati chipilalachi chiyenera kuwerengedwa ndi chaka chake. Mu 1914 ofesi ya ku Kagoshima inali ndi makina osakwanira oyezera zivomerezi, ndipo panalibe malo ofufuzira phirilo pachilumbacho. Yunivesite ya Kyoto inakhazikitsa malo otero mu 1960, ndipo lero pali zipangizo zoikidwa m'ngalande zokumbidwa m'phiri zimene zimaona phirilo likamafufuma pang'ono lisanaphulike. Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni wake, ndipo umboni wa mbali yachiwiriyi uli ku Unzen.

Ku Unzen nkhani inatembenuka

Phiri la Unzen linadzukanso mu Novembala 1990 litagona zaka 198. Mu Meyi 1991 pamwamba pake panatuluka mulu wa chiphalaphala cholimba, ndipo zidutswa zake zikagumuka zinkasanduka mtambo wa phulusa, miyala ndi mpweya wotentha madigiri mazanamazana, wotsika phiri mofulumira kuposa galimoto. A ku Japan amautcha kasairyu. Akatswiri a Yunivesite ya Kyushu anachenjeza, ndipo akuluakulu a mzinda wa Shimabara analangiza anthu a m'chigwa cha mtsinje wa Mizunashi kuti asamuke.

Langizolo silinali lamulo lokakamiza. Atolankhani anapitiriza kuima pamalo ena okwera m'dera lomwelo, pamene phiri linkaoneka bwino pojambula. Pa 3 Juni 1991, 4 koloko masana itangokwana, mtambo waukulu unafika pamalopo n'kupha anthu 43. Ena mwa iwo anali atolankhani, madalaivala a matakisi amene anawanyamula, apolisi, anthu a m'mudzi odzipereka kuzimitsa moto, ndi akatswiri atatu a mapiri ophulika ochokera kunja: Maurice Krafft ndi mkazi wake Katia Krafft a ku France, ndi Harry Glicken wa ku America. Zitatero boma linatseka deralo mwalamulo. Mtambo wina utatsika pa 15 Sepitembala n'kutentha sukulu ya pulayimale ya Onokoba, munalibe munthu. Sukuluyo anaisiya mmene inapsera, mafelemu a mawindo ali opindika ndi moto. Pafupi ndi msewu waukulu wa m'mphepete mwa nyanja anasunganso nyumba zimene zinakwiririka ndi matope ndi miyala mu 1992, madenga okha ali pamtunda. Eni ake anali atasamuka kale.

Pamalo pamene panafera atolankhani panatenga nthawi kuti paikidwe chikumbutso chachikulu. Kwa zaka zambiri panali kachizindikiro koyera basi. Anthu ambiri a m'deralo anali ndi chilonda mumtima, poona kuti abale awo ozimitsa moto anabwerera kufupi ndi ngozi kukalondera nyumba chifukwa choti m'deralo munali mukulowa anthu akunja. Mu 2021, patatha zaka 30, magalimoto amene anakwiririka pamalopo anafukulidwa n'kuikidwa poonekera. Apa tikuona kuti chikumbutso sichimera chokha. Pamakhala kukambirana, nthawi zina kukangana, kuti tikumbukire ndani ndipo tinene chiyani. Ofedwa ena amafuna chotsalira chilichonse chichotsedwe chifukwa chimawatsegula bala, ena amafuna chisungidwe kuti imfa ya wokondedwa wawo ipulumutse ena.

Chifukwa chake anthu amangoidutsa

Vuto loyamba ndi chilankhulo. Miyala yakale inalembedwa m'kalembedwe kamene Mjapani wamba wa lero amavutika kuwerenga, ndipo ndere ndi mvula zafufuta zilembo zina. Zaka nazonso zimalembedwa potsatira nyengo za ulamuliro: 1914 ndi chaka chachitatu cha Taisho, pomwe 1792 ndi chaka chachinayi cha Kansei. Komanso dziko la Japan linayamba kalendala imene tikugwiritsa ntchitoyi mu 1873, choncho mwala wa ku Shimabara umati ngozi inachitika tsiku loyamba la mwezi wachinayi, lomwe kwa ife ndi 21 Meyi. N'chifukwa chake pambali pa miyala yambiri makhonsolo aikapo zikwangwani zomasulira m'chilankhulo cha masiku ano.

Vuto lina ndi kusuntha. Pokuza msewu kapena pomanga, mwala umanyamulidwa n'kukaikidwa pena. Mwala wa maliro ukasunthidwa sutaya zambiri, koma wa malire ukasunthidwa umayamba kunena zabodza. Ngakhale utakhala pamalo ake enieni, umangonena pamene ngozi yapitayo inafika, osati pamene yotsatira idzathere. Mwala wotchuka wa ku Aneyoshi, kumpoto kwa Japan, umene umati musamange nyumba kunsi kwa malo ano, unathandizadi: tsunami ya 2011 inathera kunsi kwake ndipo nyumba za m'mudzimo sizinakhudzidwe. Koma m'gombe lomwelo munali malo ena amene madzi a 2011 anapitirira pamene anafika m'mbuyomu.

Vuto lalikulu ndi kuzolowera. Mu Julayi 2018, mvula yamphamvu inagumula mapiri kumadzulo kwa Japan. Ku Koyaura, m'dera la Hiroshima, anthu oposa 10 anafa ndi matope ochokera kuphiri. M'mudzi momwemo munali mwala wofotokoza ngozi yofanana ya 1907 imene inapha anthu 44, koma anthu ambiri ankangoudutsa osadziwa zimene unalembedwa. Kuiwala kotereku si kwa ku Japan kokha. Ku Zomba kunadutsa napolo mu 1946, ku Phalombe mu 1991, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Funso loti mwana wobadwa zaka 50 zikubwerazi adzadziwa bwanji pamene madzi anadutsa likutikhudza ifenso.

Kuchoka pamwala kupita pamapu

Nkhani ya ku Koyaura ndi imene inachititsa bungwe la boma lojambula mapu ku Japan kuchitapo kanthu. Mu 2019 linakhazikitsa chizindikiro chatsopano cha pamapu choimira miyala yofotokoza ngozi zachilengedwe, ndipo mu Juni chaka chomwecho linayamba kuiika pamapu ake a pa intaneti. Khonsolo ya dera ndi imene imatumiza dzina la mwala, malo ake, chaka chimene unaikidwa, mtundu wa ngozi, chithunzi, ndi chidule cha uthenga wake m'mawu osavuta. Si mwala uliwonse umalowa. Uyenera kunena za ngozi yeniyeni imene inachitika. Anayamba ndi miyala 158, ndipo pano yadutsa 2,000. Munthu wofuna kugula malo kapena mphunzitsi wokonzekera phunziro atha kutsegula mapuwo pafoni n'kuona zimene zinachitikapo pafupi ndi kwawo, kenako n'kufananitsa ndi mapu a boma osonyeza malo angozi.

Ku Sakurajima nkhaniyi si ya mbiri yakale chabe. Phiri litaphulika mu 1914, nthaka yozungulira nyanja ya kumpoto kwake inatsika chifukwa chiphalaphala chambiri chinali chitatuluka. Kuchokera nthawiyo yakhala ikukweranso pang'onopang'ono, ndipo akatswiri a Yunivesite ya Kyoto akunena kuti chiphalaphala chimene chasonkhana pansipo chayandikira kuchuluka kwa chimene chinalipo 1914 isanafike. Pachifukwachi mzinda wa Kagoshima umachititsa chaka ndi chaka zoyeserera kusamutsa anthu onse a pachilumbachi, pa mabasi ndi pa sitima za pamadzi, ndipo tsiku lina la zoyesererazi limaikidwa pafupi ndi 12 Januwale.